Msilikali akavula yunifolomu, zimene anaphunzira zimapita kuti?

Nawa mawu amene mlendo wathu analankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba pafupifupi monga anawalankhulira, kuti inu amene simunabwere musatsalire.

Atandiimbira foni anandiuza kuti mutu ndisankhe ndekha, bola ukhale wokhudza sukulu ndi ntchito. Ndiye ine ndasankha nkhani ya asilikali opuma a ku America. Ndaona ena kumbuyoko mwayamba kale kuyang'anizana, eti za asilikali a ku America zitikhudza bwanji ife? Dekhani ang'ono anga, tifika pakhomo panu pomwe.

Ndiyambe ndi mnzanga wina. Nthawi imene ndinali pa sukulu ku America, pa kakoleji kena ka zaka 2, ndinkakhala moyandikana ndi bambo wina wamkulupo kwa ine. Anali atagwira usilikali zaka zingapo, ndipo ntchito yake inali yothandiza anzake ovulala kunkhondo. Munthu ameneyu ankadziwa kuletsa magazi pa mwendo wophulika, kuika diripi usiku ndi katochi kokha, kunyamula wovulala uku zipolopolo zikulira. Koma teremu yoyamba ndinamupeza ali m'kalasi limodzi ndi ana ongochoka kumene ku sekondale, akuphunzitsidwa kumanga bandeji pa chidole.

Ndinamufunsa kuti, achimwene, kodi inu mukutani muno? Anangoseka n'kunena kuti palibe amene anamufunsa zimene amadziwa, ndipo iyenso sanafunse. Chikalata chosonyeza zonse zimene anaphunzira ku usilikali chinalipo, chaulere, koma anachitumiza ku koleji mochedwa, teremu itapita kale. Miyezi imeneyo sinabwerere. Pamene ndikuti miyezi, ndikutanthauza ndalama, ndipo mumva posachedwa chifukwa chake.

Kuti timvane, ndifotokoze kaye mmene amawerengera maphunziro kumeneko. Digiri amaiwerengera ndi makirediti. Phunziro limodzi la teremu imodzi nthawi zambiri limakhala makirediti 3. Digiri yoyamba ya zaka 4 imafuna makirediti pafupifupi 120, pamene ya zaka 2 imafuna pafupifupi 60. Tengani makirediti ngati njerwa. Aliyense amafunika njerwa 120 kuti nyumba ithe. Funso la msilikali wopuma ndi lakuti, kodi njerwa zimene ndinaumba ku usilikali mundiwerengera, kapena ndiyambirenso kuponda dothi?

Dziko la America silinayankhe funso limeneli tsiku limodzi. Linayamba lalakwitsa kaye.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikali anabwerera kwawo ndi ndalama zokwana madola 60 ndi tikiti ya sitima, basi. Makoleji ambiri anawamvera chisoni n'kuganiza zowathokoza powapatsa makirediti aulere. Sankayang'ana kuti munthu waphunzira chiyani, ankangoyang'ana kuti wakhala nthawi yaitali bwanji ku usilikali. Zikumveka zabwino, eti? Koma zinawapweteka eni ake omwe. Munthu ankadumphitsidwa kalasi, n'kukapezeka m'phunziro limene maziko ake alibe, mapeto ake kulephera. Chifundo chopanda muyeso chinasanduka msampha.

Komanso mavuto a asilikali opuma aja sanathere pa sukulu pokha. Mu 1932, chuma chitasokonekera, masauzande a iwo anakamanga misasa mu mzinda wa Washington kukapempha ndalama zimene boma linawalonjeza. Boma linatumiza asilikali anzawo kukawathamangitsa ndi utsi wokhetsa misozi, misasa ija n'kutenthedwa. Chinthu chimenechi chinachititsa manyazi dziko lonse, ndipo nkhondo yachiwiri itayamba, akuluakulu sanafune kuti zibwerezedwe.

Ndiye anachita zinthu ziwiri. Choyamba chinali cha ndalama. Pa 22 June 1944, Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasainira lamulo limene anthu amangolitchula kuti GI Bill. Boma linkalipira fizi mpaka madola 500 pa chaka, n'kumaperekanso kandalama ka mwezi ndi mwezi kuti munthu azidya. Mwa anthu pafupifupi 16 miliyoni amene anagwira usilikali pa nkhondo ija, pafupifupi 7.8 miliyoni anagwiritsa ntchito mwayiwu kuphunzira sukulu kapena ntchito zamanja, ndipo oposa 2 miliyoni analowa m'makoleji ndi m'mayunivesite. Mu 1947, pafupifupi theka la ophunzira onse a m'makoleji a ku America anali asilikali opuma. Tangoganizani, kalasi ya anthu 40, anthu 20 ndi ochokera kunkhondo.

Ndisabise, mwayiwu sunafike kwa onse mofanana. Asilikali akuda, makamaka a zigawo za kum'mwera kumene kunali tsankho la lamulo, ankakanizidwa malo m'makoleji a azungu, ndipo makoleji a anthu akuda anadzaza mpaka kubweza anthu. Lamulo linali limodzi, koma zitseko zinali zosiyana.

Chachiwiri ndiye mutu wathu weniweni wa lero. Bungwe la American Council on Education, limene mwachidule amati ACE, linakana zija zopereka makirediti achisoni. Linati tiyeze zimene munthu waphunziradi. Mayeso a GED, amene mpaka lero anthu osamaliza sekondale amalemba kuti apeze pepala lofanana ndi la sekondale, anayamba mu 1942 chifukwa cha asilikali omwewa, poti ambiri anatengedwa kupita kunkhondo asanamalize sukulu. Ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1940 zomwezo, bungweli lakhala likuunika maphunziro a ku usilikali n'kumalemba kuti akufanana ndi chiyani ku koleji.

Amachita bwanji? Amatenga aphunzitsi enieni a m'makoleji, odziwa phunzirolo, n'kuwatuma kukaona kosi ya asilikali. Aphunzitsiwo amawerenga mabuku ake, amaona mayeso ake, amayang'ana kuti kosiyo imatenga maola angati komanso kuti womaliza amatuluka akutha kuchita chiyani. Pa ntchito zimene munthu amaziphunzira akugwira, amacheza ndi asilikali amene amazigwirawo. Akatero amalemba maganizo awo, kuti kosi iyi ikufanana ndi makirediti akutiakuti, m'phunziro lakutilakuti, pa mlingo wa zaka zoyambirira za koleji kapena zomalizira. Mwamva kusiyana kwake? Sakufunsa kuti unavutika bwanji kunkhondo. Akufunsa kuti ukudziwa chiyani, ndipo umboni wake uli kuti.

Zonsezi zimalembedwa pa chikalata chimodzi chotchedwa Joint Services Transcript. Chimenechi ndi cha asilikali a pamtunda, a pamadzi, a Marine Corps ndi a Coast Guard. Pamakhala kosi iliyonse imene munthu anachita, ntchito imene ankagwira, ndi makirediti amene ACE inanena kuti akuyenera. Asilikali a mumlengalenga ali ndi njira yawoyawo. Iwo ali ndi koleji yawo, Community College of the Air Force, imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo imapereka yokha digiri ya zaka 2. Palinso njira ina yachidule, mayeso a CLEP ndi a DSST. Ngati ukuona kuti phunziro ukulidziwa kale, umalemba mayeso amodzi, ukakhoza koleji ikhoza kukupatsa makirediti osalowa m'kalasi. Mayeso a CLEP alipo opitirira 30, ndipo kwa msilikali amene adakali pa ntchito, boma limalipira ulendo woyamba.

Apa wina anganene kuti, basi nkhani yatha, asilikali a ku America ali pabwino. Ayi ndithu. Pali mbuna zitatu zimene ambiri amagweramo, ndipo ndikufuna muzimvetsetse chifukwa mbuna zomwezi zilinso kwathu kuno.

Mbuna yoyamba ndi yakuti ACE imangopereka maganizo, silamula. Mwini wake wa chigamulo ndi koleji. Munthu mmodzi, chikalata chimodzi, akhoza kupita pa koleji iyi n'kupatsidwa makirediti ambiri, kupita pa ina n'kupatsidwa ochepa kwambiri. Makoleji ambiri amanenanso kuti gawo lina la digiri uyenera kuliphunzira pompo, zivute zitani. Ndiye wanzeru amatumiza chikalata chake kumakoleji angapo asanalembetse, n'kuyerekeza mayankho. Mnzanga uja sanachite zimenezi. Analembetsa kaye, kufunsa pambuyo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mbuna yachiwiri ndi yobisika kwambiri. Koleji ikhoza kukulandirira makirediti ambirimbiri, iwe n'kusangalala, koma n'kuwaika m'gulu la maphunziro ongosankha, osati m'gulu la maphunziro ofunika pa digiri yako. Tibwerere ku njerwa zija. Akulandirira njerwa zonse, koma akuti izi ndi za mpanda, nyumbayo uyambe pa maziko. Pa pepala uli ndi makirediti ambiri, koma tsiku lomaliza sukulu silinasunthe. Mnzanga uja chikalata chake chitafika, izi ndi zimene zinamuchitikira pa mbali ina ya makirediti ake. Anachita kupita yekha kwa mkulu wa dipatimenti, atanyamula mapepala ofotokoza zimene zinali mu kosi iliyonse, n'kukhala naye pansi kuyerekeza mutu ndi mutu. Ena anamusinthira, ena anakana. Koma akanangokhala phee, sakanasinthiridwa ngakhale imodzi. Choncho funso loyenera si lakuti mundipatsa makirediti angati. Funso ndi lakuti, pa makirediti amenewa, ndi angati akuchotsera maphunziro amene ndimayenera kuphunzira?

Apa ndi pamene miyezi ija ikulowera. Lamulo latsopano la GI Bill, limene linavomerezedwa mu 2008 n'kuyamba kugwira ntchito mu August 2009, limalipirira munthu sukulu miyezi 36. Miyezi 36 imakwana digiri ya zaka 4 ndendende, chifukwa chaka cha sukulu chimakhala pafupifupi miyezi 9. Ndiye teremu iliyonse imene wawononga kubwereza zimene ukudziwa kale, yadya gawo la miyezi ija. Ukafika chaka chomaliza thumba litauma, uli ndi mkazi ndi ana, umasankha pakati pa ngongole ndi kusiya sukulu. Si nkhani yamasewera ayi.

Mbuna yachitatu ndi ya akamberembere. Kumene kuli ndalama za boma, afisi sachedwa kufika. Ku America kuli makoleji ena a bizinesi, ongofuna phindu. Lamulo linkati koleji yotere isapeze ndalama zoposa 90 peresenti kuchokera ku thandizo la boma la ophunzira. Koma ndalama za GI Bill sizinkawerengedwa m'gulu limenelo, ndiye msilikali wopuma anasanduka nyama yonona. Ankamusaka ndi malonjezo okoma, akuti bwera kuno tikuwerengera zonse, umaliza msanga. Kenako kampani ya Corinthian Colleges inagwa mu 2015, ya ITT Technical Institute n'kutseka mu 2016. Ophunzira masauzande, asilikali opuma ali momwemo, anatsala m'malere, ndipo ambiri anapeza kuti makirediti awo makoleji ena sakuwalandira. Boma linachita kukonza pambuyo. Lamulo la 2017 linabwezerako ena miyezi yawo, ndipo la 2021 linatseka mpata uja wa 90 peresenti. Koma zaka zimene munthu wataya palibe lamulo limene lingamubwezere.

Tsopano tibwere kwathu, monga ndinalonjezera.

Ife nafenso tinali ndi asilikali pa nkhondo yomwe ija. Agogo athu a King's African Rifles anamenya nkhondo mpaka ku Burma. Ena mwa iwo anaphunzira kuyendetsa malole, kukonza injini, kutumiza mauthenga pa wailesi, kusamalira odwala. Atabwerako analandira kandalama kochepa poyerekeza ndi asilikali achizungu, ndipo panalibe koleji imene inkawadikira kuti iwerengere zimene anaphunzira. Mukadzapita ku Zomba n'kuona chipilala chokumbukira asilikali a KAR, mudzakumbukirenso zimenezi. Nkhondo inali imodzi, luso linali lofanana, koma wina luso lake linalembedwa n'kusanduka digiri, wina linapita naye kumanda.

Nanga inu muli munomu? Sindikuona msilikali, koma ndikuona anthu ambiri amene ali ngati mnzanga uja. Pali wina pano wakhala zaka pa galaja ya amalume ake, injini amaimasula n'kuibwezeretsa, koma alibe pepala. Pali achemwali amene amasoka mayunifolomu a sukulu yonse. Pali amene amakonza mafoni pa msika, amene amaika magetsi a sola m'nyumba za anthu, amene anadzipereka zaka ziwiri ku bungwe lina akuyenda khomo ndi khomo pa nkhani za umoyo. Tsiku lina mudzaona ntchito yalengezedwa, kapena malo a sukulu, ndipo adzakufunsani funso lomwe lija, umboni uli kuti? Simudzayankha kuti funsani anthu a kwathu amandidziwa.

Nkhani yabwino ndi yakuti maganizo oyeza zimene munthu akudziwa kale anafika ndi kuno komwe. Bungwe la TEVETA lili ndi ndondomeko yozindikira luso limene munthu analipeza kunja kwa kalasi, imene pa Chingerezi amaitchula mwachidule kuti RPL. Amakuyesa pa ntchito yeniyeni, ukakhoza umalandira satifiketi. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, njira yotereyi iliponso. Mzimu wake ndi womwe uja wa asilikali a ku America. Sakupatsa pepala chifukwa cha chisoni, akupatsa chifukwa waonetsa.

Ndiye ndikusiyireni zochita, zochokera pa zimene mnzanga uja anaphunzira mowawa.

Yambani lero kulemba mbiri ya luso lanu. Msilikali wa ku America boma limamulembera. Inuyo palibe amene akulemberani, ndiye dzilembereni nokha. Gulani kope, lembani ntchito imene mwagwira, tsiku lake, kwa ndani, munagwiritsa ntchito zida zanji. Jambulani zithunzi ntchito isanayambe ndi itatha. Foni muli nayo kale, imajambula zambiri zopanda pake, ijambuleko ndi izi.

Mukamaliza kosi iliyonse, ngakhale ya masiku atatu, musangotenga satifiketi yokha. Pemphaninso pepala losonyeza mitu imene munaphunzira ndi maola ake. Chimene chinapulumutsa mnzanga uja pamaso pa mkulu wa dipatimenti sichinali dzina la kosi, koma tsatanetsatane wa zimene zinali mkati. Mukamachoka pamalo pamene mumagwira ntchito kapena kudzipereka, pemphani kalata nthawi yomweyo, abwana akadakukumbukirani ndipo bungwe likadalipo. Mabungwe amatseka, mabwana amasamuka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mapepalawo asungeni ngati ndalama. Ajambuleni n'kudzitumizira pa imelo. Denga limadontha, chiswe sichidziwa kuti iyi ndi satifiketi.

Musanalipire fizi pa sukulu iliyonse, funsani mafunso atatu. Kodi sukuluyi ndi yovomerezeka ndi boma? Kwathu kuno, za makoleji ndi mayunivesite mukhoza kufufuza ku National Council for Higher Education, za ntchito zamanja ku TEVETA. Kodi zimene ndikudziwa kale mundiwerengera, ndipo zindichotsera chiyani? Kodi pepala lanu sukulu zina ndi olemba ntchito amalilandira? Yankho lake alembe, asangolankhula pakamwa. Amene akukuthamangitsani kuti lipirani lero malo akutha, muchenjere naye.

Chomaliza, musaope kuyesedwa. Ena timafuna atipatse pepala chifukwa tagwira ntchito nthawi yaitali. Kumbukirani asilikali a 1918 aja amene anapatsidwa makirediti achisoni n'kukagwa nawo kutsogolo. Mayeso akakuonetsani kuti pali pena pamene simudziwa, si chipongwe, akuthandizani. Makaniko wodziwa kumasula injini mwina sadziwa kuwerenga chojambula cha mawaya a galimoto. Ndi bwino kudziwa zimenezi pa mayeso kusiyana ndi kudzazidziwira pa galimoto ya kasitomala.

Mnzanga uja anamaliza sukulu, ngakhale anachedwa ndi teremu imodzi imene sinayenera kutayika. Chimene chinkandisangalatsa ndi chakuti msilikali wopuma aliyense watsopano akafika pa koleji paja, iye ankamukoka pambali tsiku loyamba lomwelo n'kumufunsa kuti, chikalata chako watumiza? Ndikupempha kalabu ino ichite chimodzimodzi. A wapampando, mwina pa msonkhano wa mwezi wamawa aliyense abwere ndi kope lake ndi mapepala amene ali nawo, tikhale awiriawiri, tithandizane kulemba. Amene akufuna kudziwa za mayeso a luso, tisankhe anthu awiri apite ku ofesi akafunse, adzatifotokozere tonse. Ine ndidzabwera, ndipo ndidzabweretsa makope 10 oyambira.

Ngati pali mafunso, ndili pompano.